Malume a Mileme

"Tiuzeni lero lomwe, alamu! Inu ndinu malume a Tadala kapena malume a mileme?"

Amene anandikalipira chonchi ndi alamu anga a Nkhoma, amuna a mchemwali wanga, m'nyumba mwawo ku Maryhill, muno mumzinda wa Glasgow. Panali akazi anga, mchemwali wangayo, mkulu wa mpingo dzina lake a Chirwa, ndi Tadala mwini wake, mwana wawo woyamba. Tinakumana kuti tikonze za chinkhoswe chake. Koma pakati pa tebulo, pamalo pomwe pakanakhala tiyi, panali thumba la tsabola wouma wa kambuzi, ndipo kuseri kwa chitseko kunali mbaula ndi zidutswa za tayala. Zonsezi anakonzera mileme yomwe inapezeka kudenga la holo ya tchalitchi ku Govan, momwe mwambowo unkayenera kuchitikira. Ankafuna kuifukiza monga timachitira kumudzi. Chomwe chinkawasowa ndi makwerero aatali ndi munthu wozolowera kukwera denga, ndipo zonse ziwirizi zinali ndi ine. Ndinakana.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Koma kukana kwa tsiku limenelo sikunachokere ku ukali. Kunachokera ku zaka zomwe ndakhala ndikukwawa m'masiling'i a mzinda uno.

Ine ndimapha makoswe. Ntchito yanga ndi imeneyo. Makoswe, mbewa, mphemvu, nsikidzi, mavu, chilichonse chomwe chimalanda munthu tulo m'nyumba mwake. Ndili ndi vani, ndili ndi ovolosi, ndili ndi satifiketi ya ntchitoyi, ndipo palibe amene anandipatsa zimenezi chifukwa chondimvera chisoni.

Kwathu ndi ku Dedza. Nditamaliza folomu folo ndinali kalaliki pa depoti ina ku Kanengo, wolemba matumba olowa ndi otuluka. Akazi anga ndi amene anatsogola kuno atapeza ntchito yosamalira okalamba, ine ndinatsatira pambuyo. Pondiperekeza ku eyapoti, mkulu wanga anandigwira phewa nkunena kuti, "Ukakafika ukapeze ntchito ya tayi, usakatichititse manyazi." Tayi ndinanyamuladi awiri. Anakathera kumanga katoni.

Tinafikira ku Sighthill, m'zinyumba zitalizitali zija zomwe pano anazigwetsa. Tinkabwereka chipinda kwa Mmalawi wina pamwamba penipeni, pomwe mphepo inkalira usiku wonse ngati kuli maliro. Oyandikana nawo anali anthu othawa nkhondo m'maiko awo, aliyense ndi chilankhulo chake, ndipo tinkapatsana moni ndi mutu basi. Ine ndinkatsuka mapoto mu hotela. Manja anasupuka, msana unkapweteka, ndipo dzuwa ndinkangolimva m'mbiri. Chomwe ndinachipeza chofanana ndi kwathu m'nyumba imeneyo chinali chimodzi: mbewa.

Mbewa sizingandipusitse ine. Ndinakula ndikukumba mauna m'mizere chimanga chikakololedwa, ndipo diwa ndinaphunzira kutchera ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndiye ndinatola mwala wophwatalala panja, kamtengo, ulusi ndi mtedza umodzi, nkutchera kuseri kwa filiji. Tsiku lina eni nyumba anatumiza munthu wodzathira mankhwala. Anali mzungu wamfupi, wadazi, dzina lake Tam, wolankhula ngati ali ndi chimanga chokazinga m'kamwa. Chingerezi chomwe ndinakhoza kusukulu sichinandithandize kumva ngakhale moni wake. Ataona diwa lija anagwada pansi, analiyang'ana uku ndi uku, kenako anandifunsa ndi manja kuti limagwa bwanji. Ndinamuonetsa. Ndinamuonetsanso njira ya mbewazo, kamzere kakuda m'mbali mwa khoma, ndi pomwe zinkalowera pafupi ndi paipi. Iye anandionetsa una wina womwe ine sindinauone. Tinatsutsana mpaka akazi anga anatuluka m'chipinda kudzaona ngati tikumenyana. Pochoka anati bwana wake akufuna munthu.

Ndinayenda ndi Tam mu vani imodzi zaka zambiri. Ankanditchula kuti big man, ngakhale kuno aliyense ndi big man, ndi wamfupi yemwe. M'nyengo yozizira tinkamwera tiyi mu fulasiki imodzi galimoto ikulira kuti zala zithawe dzanzi. Tsiku lina tinafika pa nyumba ya bambo wina amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti alowe Tam yekha, ine ndidikire panja. Magazi anandikwera. Ndisanatsegule pakamwa, Tam anali atanyamula kale zida. "Khalani ndi makoswe anu, bwana," anatero, "mukuoneka kuti mumamvana." Tsiku limenelo ndinamugulira chakudya chamasana ndine.

Koma chomwe Tam anandiphunzitsa kwenikweni si kupha ayi. Kupha ndinabwera nako.

Phunziro loyamba linali la gologolo. Tinaitanidwa ku chinyumba china chachikulu komwe gologolo wotuwa analowa mu siling'i nkumatafuna mawaya a magetsi. Tinatchera msampha wa kakhola, m'mawa mwake tinamupeza ali momwemo, akulumpha ngati wamwa kachasu. Mayi wa panyumbapo anapinda manja nkutipempha kuti tisamupweteke, tikangomutaya kupaki. Ine mumtima ndinati azungu ndi nyama zawo, chabwino. Titaima m'mbali mwa ngalande ina ya ku Maryhill, ndinatsitsa kakhola kaja kuti nditsegule. Tam anandigwira mkono mwamphamvu.

"Ukatsegula kameneko, big man, tonse awiri tikaonekera kukhoti."

Ndinaganiza kuti akuseka. Anandikhazika pansi nkundifotokozera. Gologolo wotuwayu kwawo ndi ku Amereka, anachita kubwera naye. Mwini dziko ndi gologolo wofiira, ndipo wotuwa amamulanda chakudya nkumupatsiranso matenda. Ndiye lamulo limati wotuwa ukamugwira usamumasulenso. Kumumiza m'madzi ndi mlandu, kumusiya mu msampha osakamuona tsiku ndi tsiku ndi mlandu, umuphe msanga asazunzike. Koma wofiira usamukhudze, iyeyo ngakhale chisa chake. Ngakhale tiagologolo tamizeremizere tomwe ena amaweta m'makola, tofanana ndi tomwe tinkagenda ndi legeni kwathu, nato sitiloledwa kutayidwa kutchire.

Ndinati, "Tam, ndiye kuti kuno ndi agologolo omwe ali ndi nkhani ya mapepala?"

Anaseka mpaka misozi, nkumamenya chiwongolero. Ine ndinasekanso, koma osati kwambiri. Ndinamuyang'ana wotuwa uja, mlendo mnzanga, kenako ndinagwira ntchito yomwe inayenera kugwiridwa, mwachangu.

Malamulo ena ndinakawapeza ku maphunziro a ntchitoyi. Zimbalame zoyera za kunyanja zija, zomwe zimalanda ana tchipisi m'manja, zikaikira mazira padenga sungangophwasula chisa popanda chilolezo cha boma. Ulimbo, womwe kwathu ndi masewera a ana, kuno ungakumangitse. Ndinakangana ndi mphunzitsi wake pafupifupi pa lamulo lililonse, mpaka anayamba kundiyang'ana ine asanayambe mutu watsopano. Koma mayeso ndinakhoza, ndipo ndinakhoza bwino.

Pamwamba pa zonsezi pali mleme. Mileme ya kuno ndi ting'onoting'ono, thupi lake ngati chala chachikulu, koma lamulo lomwe limaiteteza ndi lalikulu kuposa la nyama ina iliyonse yomwe ndimakumana nayo. Osaipha, osaifukiza, osaisokoneza, osatseka pomwe imalowera, ngakhale itachokapo kaye. Oigwira ndi okhawo amene ali ndi chilolezo chapadera. Tam anandiphunzitsa kuyesa kwake. Ukapeza timanyi takuda mu siling'i, tola kamodzi ufikise ndi zala. Kakakhala kolimba, ndi mbewa, tchera msampha. Kakafumbutuka ngati fumbi, ndi mleme: tsika, tseka, uza mwini nyumba zoona, uzipita.

"Khoswe aliyense angaphe," ankatero Tam. "Ife amatilemba ntchito chifukwa timadziwa pobweza dzanja."

Mawu amenewa ndinawasunga. Ine mileme sindiikonda, ndinene poyera. Nkhope yake ndi yonyansa. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinaphepo nyama yomwe lamulo likuti isiyidwe, ndipo palibe nyumba mu Glasgow muno yomwe ingandiloze chala. Mmalawi wobwera ndi diwa la mwala, lero makampani a nyumba amachita kunditchula dzina akamaimba foni. Zimenezo ndimanyadira, ndipo amene akufuna aziti ndine wodzikuza.

Makoswe a ku Glasgow anamanga nyumba ya malata ku Dedza ndipo anaphunzitsa ana a mkulu wanga. Nditapita kukacheza patapita zaka, ndinapeza anthu asintha. Mkulu wanga yemwe uja ankandizungulitsa kwa anzake nkumati, "Awa amagwira za umoyo ku Ulaya." Kachitatu ndinalephera kupirira. Ndinati, "Za umoyo ziti? Ndimapha makoswe ine. Malata mukugonamowa ndi makoswe." Sanandilankhule mpaka madzulo. Ana ake ndinawafunsa ngati amatha kutchera diwa, anangondiyang'ana nkubwerera ku mafoni awo. Mbewa amagula zapampani pamsewu, ngati alendo.

Ulendo womwewo ndinaona anyamata akufukiza mileme pa tchalitchi cha kwathu. Tsabola, matayala, utsi wakuda bii. Ikuluikulu inathawa. Ana ake, osatha kuuluka, ankangogwa pansi ngati masamba, anyamata nkumasesa. Sindinawaletse, kwathu nkwathu ndipo lamulo la uko ndi lina. Koma ndinafunsa mkulu wanga ngati aka kanali koyamba. Anati amafukiza chaka chilichonse. Ndinati ndiye kuti sizithandiza. Anati ndayamba kulankhula ngati mzungu.

Tsopano za ku Govan. Mpingo wathu umabwereka holo ya tchalitchi china chakale cha Asikoti, chapafupi ndi mtsinje, komwe amapangira sitima zapamadzi. Denga lake ndi lalitali, siling'i yake ya matabwa akale okhala ndi mipata. Amayi a mumpingo anayamba kudandaula kuti matebulo akumapezeka ndi timanyi m'mawa uliwonse, ndipo anandiitana kuti ndidzathane ndi mbewa. Ndinatola kamodzi, ndinafikisa. Fumbi. Ndinatuluka panja nkuyang'ana m'mphepete mwa denga, ndipo ndinaona kampata kodetsedwa pomwe imatulukira. Inali nyengo yotentha, nthawi yomwe mileme yaikazi imasonkhana pamodzi ndi ana. Ndinauza a Chirwa kuti imeneyi si ntchito yanga, ndipo si ntchito ya wina aliyense mumpingo.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma pa pulakatisi ya kwaya mleme umodzi unalowa nkuzungulira holo kawiri. Amayi anabalalika, wina anataya wigi. A Chirwa anati zimenezi zikachitika pa chinkhoswe, akuchimuna adzati ndi malodza. Ndipo akuchimunawo sanali anthu apafupi. Ena ankachokera ku Mangalande, mayi a mnyamatayo anali atakwera kale ndege kuchokera ku Blantyre. Maholo ena onse anali atatengedwa. Alamu anga, munthu woyendetsa basi amene sanakwerepo ngakhale pa denga la khola, anati nkhaniyi ndi yaing'ono, aisiyire iwo.

Ndi mmene tinafikira pa funso lija la malume a mileme.

Ndinayesa kuyankha mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Ndinati, "Alamu, ine ndine malume a Tadala, ndipo nkhoswe yake ndine. Koma denga lija sindikwera. Ndi mlandu."

"Mlandu ukakhala kuti wina waona. Aone ndani? Titseka zitseko, tiyatsa, pakutha pa ola tamaliza."

"Utsi wa tayala pakati pa Govan, inu mukuti aone ndani? Alamu, kodi mabelu ochenjeza za moto ali mu holo muja mumayesa ndi maluwa? Musanafike ndi pa tsabola pomwe, ozimitsa moto adzakhala ali pakhomo."

"Mabelu timachotsa mabatire."

A Chirwa anakonza kukhosi. Ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akupempherera chakudya. "Achimwene, tonse timalemekeza ntchito yanu. Komatu lamulo linapangidwira munthu. Tizilombo timeneti tingapose mwana wathu?"

"Abambo, palibe amene akuti taposa mwana. Ine ndikuti mukafukiza, ana a milemeyo adzafera m'matabwa muja. Pofika tsiku la chinkhoswe holo yonse idzakhala ikununkha zoola. Ndipo eni tchalitchi akadzafunsa kuti anachita ndani, aliyense mu Govan akudziwa Mmalawi amene ali ndi makwerero. Satifiketi yomwe idzapite ndi yanga, osati ya alamu."

"Mwamva?" anatero alamu, akutembenukira kwa mchemwali wanga. "Satifiketi! Achimwene akowa akuopa kutaya pepala la makoswe. Ukwati wa mwana uchite manyazi, bola pepala."

Tadala anayesa kulowererapo. Mwanayu anakulira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi chonga cha Tam. Anati kwa iye mileme si vuto, ngakhale itabwera kudzavina nawo. Bambo ake anamudula. "Iwe khala chete, izi ndi za akuluakulu."

Kenako anandiyang'ana ine nkulankhula pang'onopang'ono, kuti aliyense amve. "Ngati munthu akulephera kuchotsa mleme pa chinkhoswe cha mwana, tambala wa akuchimuna adzamulandira ndi manja ati? Mavuto a m'banja adzawathetsa bwanji? Tipeza nkhoswe ina. A Chirwa ali pano, akhoza kuimirira."

Amene si Mchewa mwina sangamve kuwawa kwa mawu amenewa. Mwana wa mchemwali wanga ndi mbumba yanga. Tadala ndinamunyamula ndine kuchokera kuchipatala, kunja kukugwa chipale chofewa, nditamufunditsa jekete langa la kuntchito. Mu Ulaya yense malume ake ndine ndekha. Kundichotsa pa unkhoswe pamaso pa anthu kunali kundiuza kuti kuno ndilibe mbale.

Ndinamenya tebulo ndi chibakera. Tsoka lake chibakeracho chinagwera pa thumba lija. Linaphulika, ndipo fumbi la kambuzi linadzaza nyumba yonse. A Chirwa anayamba kuyetsemula motsatizana, magalasi anagwera pansi. Akazi anga ankatsokomola atagwira pachifuwa. Ine maso akutuluka misozi, koma pakamwa sipanatseke.

"Inu a Nkhoma! Inu ndinu mkamwini! Munabwera kudzapempha kwathu mutavala nsapato zobwereka, lero mukufuna kusankhira mbumba yanga nkhoswe? Mukayendetse basi uko! Pepala la makoswe lomwe mukulinyozalo ndi lomwe linakulandirani pa eyapoti!"

Zina zomwe ndinanena sindingazilembe. Alamu, akuyetsemula, anakuwa kuti makwerero abwereka kwina ndipo mawa lomwe madzulo akwera okha ndi anyamata a kwaya. Mchemwali wanga anatsegula mawindo onse nkuima pakhomo atagwira chitseko.

"Achimwene, pitani kaye kwanu."

Tinakwera vani nkuwoloka mtsinje. Kenako akazi anga anati, "Zomwe mwanenazo ndi zoona. Koma mwazinena ngati galu wachiwewe. Tsopano ngakhale amene amagwirizana nanu sangakuikireni kumbuyo."

"Ndiye ndikanatani? Ndikwere?"

"Ine sindinati mukwere. Inu mwangowauza chomwe sichitheka. Mwana akufuna holo yoyera, inu mwamupatsa lamulo. Adya lamulo?"

Ndinangoyendetsa vani. Mawu a akazi anga amandipweteka chifukwa nthawi zambiri sapita padera.

M'mawa mwake ndinadzuka ndisanaitanidwe ndi wotchi. Choyamba ndinaimbira bwana wanga kuti lero sindibwera. Chachiwiri ndinaimbira mayi wina dzina lake Morag, mmodzi wa anthu aja okhala ndi chilolezo cha mileme, amene tinakumanapo pa ntchito zingapo. Ndinkadziwa tanthauzo la foni imeneyo. Morag akangoona malo, boma limadziwa kuti pamenepo pali mileme, ndipo aliyense wokayatsa mbaula pambuyo pake sangati sankadziwa. Ndinkadziwanso kuti kwa alamu kumeneko ndi kuwanenera. Chala chinaima pang'ono pa foni. Kenako ndinaimba.

Ndinalembera alamu uthenga waufupi: "Kuboma ndanena ndine. Musavutike kufunafuna munthu wina. Mbaula ija muotchere nyama."

Morag anabwera ndi mayi wosunga makiyi a tchalitchi. Anayang'ana kunja, anayang'ana mkati, anafikisa kamanyi kamodzi monga ndinachitira ine, nkugwedeza mutu. Anati mileme imeneyi ikhala mpaka ana atakula, kenako ichoka yokha. Ndinamufunsa funso lomwe linandisowetsa tulo: ngati nditayala chinthu mkati mwa holo, m'munsi mwa siling'i, osakhudza matabwa ake, osayandikira mpata wa kunja, lamulo likuti bwanji? Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Anati bola ndimange pa mitanda ya m'munsi, ndisakhome ndi hamala, ndipo ndimalize kusanade. Anandionetsa ndi chala pomwe ndiyenera kulekezera.

Ndinakagula pulasitiki wamkulu wa omanga nyumba ndi zingwe. Ndinapita kukatenga Tam, amene anali atapuma kale ntchito chifukwa cha bondo, kuti adzandigwirire makwerero. Anabwera akudandaula kuti ndamudzutsa, koma atavala kale nsapato za kuntchito. Tinayala pulasitiki uja kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Timanyi sitikanagwanso pa tebulo, mleme sukanatsikanso mu holo. Koma kunena zoona, malowo ankaoneka ngati msasa wa anthu othawa madzi osefukira.

"Big man," anatero Tam, "mwana wanga atati akwatiwire pansi pa chimenechi, ndingasankhe mileme."

Ndinathamangira kunyumba. Akazi anga anali kuntchito, ndiye ndinatsegula sutikesi yawo nkutenga zitenje zonse zomwe ndinapeza. Ndinabwerera nkuyamba kuzimanga m'munsi mwa pulasitiki, chimodzi pambali pa chinzake. Khosi linauma, koma holo inayamba kuoneka ngati malo a anthu.

Ndili pamwamba choncho, chitseko chinatseguka. Anali mchemwali wanga, ali mu yunifolomu ya kuchipatala, atanyamula chikwama chachikulu. Anaima pakati pa holo nkuyang'ana m'mwamba. Tam anavula chipewa. Palibe amene anapereka moni.

"Achimwene, mwatinenera kuboma."

"Eya."

"Alamu anu akuti musadzapondenso kwathu."

"Ndamva."

"Akuti a Chirwa avomera kukhala nkhoswe."

Ndinangomangitsa chingwe chomwe chinali kale chomangika.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, mutu uli m'mwamba, kenako anabwerera. Anaima pansi pa makwerero anga nkuloza.

"Kodi amuna inu maso mumaonera chiyani? Icho ndi chitenje cha chipani. Icho chinacho akazi anu anavala pa maliro a amayi. Mukufuna akuchimuna adzati tawaitanira msonkhano wa ndale kapena kumanda?"

Ndinayang'ana. Pamwamba penipeni pa malo okhala akwati panali nkhope ya munthu wandale, ikumwetulira chozondoka.

Anatsegula chikwama chija. Munali zitenje zatsopano, zopindidwa bwino, zamtundu umodzi, zomwe anasungira amayi ovina pa tsikulo. Anatulutsa chimodzi nkuchikweza m'mwamba.

"Chotsani zanuzo, muike izi. Ovina adzavala zina. Ndipo pa tsikulo mudzavale suti, osati ovolosi yonunkha mankhwalayi. Mwana ndinabereka ndine, malume ake ndikuwadziwa. Tambala mudzalandira ndinu. Za alamu anu mundisiyire, koma za nsapato zobwereka zija mukapepesa nokha."

"Zimenezo tidzaona," ndinatero.

"Mukapepesa."

Tam sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anandiyang'ana nkunena kuti, "Big man, chilichonse chomwe mayiwa anena, vomera."

Ndinatsika, ndinapukuta manja pa ovolosi, ndinalandira chitenje chija ndi manja awiri. Kenako ndinauza Tam kuti agwiritse makwerero, nkukweranso kukamasula wandale uja.